Mayina Obisika Mpaka Folo Koloko

Komatu dzulo batanili linkagwira ntchito bwinobwino — analiyesa yekha kasanu, mwina kasanu ndi kawiri, ndi mayina ongopeka, ndipo ulendo uliwonse mndandanda unkatseguka n'kukhala chitsegukire mpaka iye mwini atautseka — ndiye lero lalowedwa ndi chiyani? Anadinanso. Mayina anatsika pa sikirini ngati katani, onse makumi asanu ndi limodzi, ndipo asanafike n'komwe pansi anapindikanso n'kubwerera kumene anachokera, tsamba n'kutsala mbee, anamwino atatu a pa chithunzi akumumwetulira ngati akuti tayesaninso bambo. Anadinanso, mwamphamvu tsopano, ngati kuti yamwano inali mausi. Balamanthu, zii. Kawotchi ka pakona pa sikirini kankati wani koloko yadutsa, ndipo a mlembi a ku sukulu ya anamwino anali atanenetsa m'mawa, chala chikugogoda pa desiki pake, kuti folo koloko yeniyeni, osati isanakwane kapena itapitirira, ana onse amene analemba mayeso olowera azitha kudina pamenepo n'kuona ngati atengedwa.

Ntchitoyo sinali yovuta, ndipo n'chimene chinkamupsetsa mtima kwambiri. Zaka zisanu ndi zinayi akupanga mawebusaiti mu kaofesi kameneka, pamwamba pa sitolo ya penti ndi misomali, kubisa ndi kuonetsa zigawo za tsamba anali atakuchita kosawerengeka. Sumachita kulemba zambiri ayi, pali laibulale imene anthu ena anakonza kale, mtolo wa malamulo ophikaphika, iwe umangoitana — ili ndi lobisa, ili ndi loonetsa, lachitatu limangotembenuza, chobisika lichionetse, chooneka lichibise. M'mawa a mlembi atamusiyira fulashi, kachipangizo konyamulira mafayilo, muli mayinawo, iye anaika mayina onse pa tsamba lenileni, limene linali kale pa intaneti, n'kuwaphimba ndi lamulo lobisa, batani nalonso n'kuliphimba, kuti ikamakwana folo angochotsa mzere umodzi basi. Chipewa, mnzake wa desiki ya pakhomo, amene anamupatsa dzinali chifukwa palibe anaonapo pamutu pake, anali atalankhula osatembenuka n'komwe, kuti kubisa si kuchotsa, akulu, bwanji osadikira folo n'kuwaika nthawi yomweyo? Iye anayankha kuti ntchitoyi sanaiyambe dzulo. Ndipo tsopano, pa kope la mu kompyuta yake pamene ankayesera, batani linali kumuchititsa manyazi ngati mwana wamwano pamaso pa alendo.

Mayinawo anawawerenga. Sanafune — anadziuza kuti angowakopa n'kuwamata osayang'ana, monga munthu wa ku positi amanyamula makalata a anthu osatsegula — koma maso alibe mpanda, anathamangira okha pamene dzina la mphwake linayenera kukhala, pakati pa nambala sate wani ndi sate thu, ndipo panalibe. Anayamba pamwamba, chala chikuyenda pa galasi. Anayambanso pansi kukwera, poganiza kuti mwina alemba dzina la bambo ake pambuyo, kapena alakwitsa chilembo, anthu a m'maofesi amalakwitsa. Anafufuza ndi kompyuta yomwe, kompyuta n'kumuyankha mosanyengerera kuti palibe. Ulendo wachitatu uwu mwanayo akulemba mayeso amenewa. Wachitatu.

Foni inanjenjemera pa desiki, chafufumimba monga anaiikira, n'kudzikoka pang'onopang'ono kulowera kwa kapu ya tiyi wozizira. Sanafunike kuitembenuza. Anali achemwali ake, kachisanu chiyambire m'mawa, ndipo ankawaona bwinobwino m'maganizo, atakhala pa makina awo osokera, tepi ili m'khosi, foni ataipana ndi phewa, akuuza kasitomala kuti dikirani pang'ono ndikuimbira mchimwene wanga wa makompyuta uja, ndi amene wagwira mayina. Wagwira mayina! Anawauza ndani zimenezo? Iye mwini, ndani winanso — Lamlungu lina miyezi iwiri yapitayo, pabalaza pawo, alamu ake atayamba nthabwala zawo za masiku onse zoti pali anthu ena amalandira malipiro chifukwa choseweretsa mbewa pa tebulo, onse n'kuseka, ngakhale ana, iye magazi n'kukwera, n'kunena mokweza kuti sukulu imene mwana wanuyo akulimbana nayoyo ili m'manja mwanga, dzina lililonse limadutsa pa desiki panga lisanaonedwe ndi munthu. Sananame, ayi, nanga si lero ladutsadi? Koma anaona mmene achemwali ake anaikira mbale pansi, pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana ndi maso aja a munthu amene wapeza mtengo wogwira madzi atamufika m'khosi. Anaona, anadziwa chimene amva, ndipo sanakonze. Akanatha kunena pomwepo kuti ine ndimangomata, osankha ndi ena. Mawu asanu okha. Koma alamu ake anali atakhala chete koyamba m'zaka zambiri, ndipo kukoma kwa chete ameneyo kunamutseka pakamwa.

Foni inaleka. Anatsegula fayilo ya malamulo n'kuyamba kuwerenga mzere ndi mzere. Batani likadinidwa, tembenuza gawo la mayina. Basi. Palibe cholakwika, ngakhale kadontho. Anachotsa kutsika kwapang'onopang'ono kuja kuti mayina azingotulukira kamodzi. Tsopano sanatulukenso n'komwe, sikirini inkangophethira. Anabwezera. Anasintha dzina la gawo, anasintha bulawuza yotsegulira masamba, anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso ngati munthu amene sadziwa kanthu, ndipo podikira kuti idzuke anamva kiyibodi ya Chipewa ikulira mosadodoma, tekete tekete, ngati mvula pa malata a nyumba ya wina. Munthu ameneyu dzulo anatsala mu ofesi iye atapita. Anatsala, ndipo mafayilo onse ali pa seva imodzi, kompyuta yaikulu yosungira zonse, aliyense akhoza kulowa. Si iye amene anabwera zaka ziwiri zapitazo kuchokera ku kampani yaikulu, ndi mapepala ake a ku yunivesite, n'kuyamba kunena pa mitingi kuti laibulale imeneyi ndi yakalekale, anzathu anaisiya? Yakalekale — ankanena laibulale, koma maso amayang'ana yani? Kungosuntha kamzere kamodzi, lero, tsiku la kasitomala wamkulu kwambiri amene ofesi ino inakhalapo naye, kenako folo koloko abwana n'kufunsa, Chipewa n'kuimirira mwaulemu, n'kukonza m'mphindi ziwiri.

"Munakhudzako mafayilo a sukulu dzulo?"

Mawuwo anatuluka owuma kuposa mmene anafunira. Chipewa anavula chomvera kukhutu limodzi, n'kunena kuti ayi, iye amalimbana ndi tsamba la a hotela, koma ngati pavuta penapake akhoza kudzaona, mutu umodzi susenza denga.

"Palibe chavuta."

Anatembenukiranso ku sikirini makutu akutentha. Ndithudi akanati inde? Koma nkhope ija inalibe kanthu, nkhope ya munthu amene wadzutsidwa pa ntchito yake, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa kuposa akanapeza kamwetulira kobisika.

Hafu pasiti thu abwana anatuluka mu kachipinda kawo atanyamula makiyi a galimoto, n'kuima kumbuyo kwake, fungo la perefyumu yawo n'kumukuta, n'kufunsa ngati zonse zili m'malo, poti a mlembi aimbanso, akuti akuluakulu a sukulu adzakhala pamodzi kuonerera tsambalo likutseguka. Iye anayankha kuti zili bwino, zangotsala zing'onozing'ono. Anamusisita paphewa n'kunena kuti n'chifukwa chake ntchito zoterezi amapatsa akuluakulu, ndipo anatsika masitepe akuimba mluzu. Dzanja lija linatsala likulemera paphewapo.

Mwana uja sanali wopusa. Zimenezi n'zimene ankafuna kukuwira anamwino atatu a pa chithunziwo, ndi a mlembi, ndi aliyense amene anakhala pa tebulo n'kusankha makumi asanu ndi limodzi pa ana mazanamazana — kuti inu mukudziwa chiyani za unamwino? Mayi ake a iyeyo, agogo a mwanayo, atadwala sitiroko, mbali imodzi n'kufa, anawasamala ndani zaka ziwiri zathunthu? Mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, atangomaliza sukulu, anzake akuthamangira makoleji. Ankawatembenuza maola atatu alionse kuti asachite zilonda, ankawasambitsa, ankawadyetsa ndi kasupuni ka tiyi, anaphunzira kumva chimene akunena pamene ana awo enieni ankangomva kubuula. Iye, mwana wamwamuna yekhayo, ankapita kamodzi pa mwezi, atanyamula jumbo ya malalanje amene mayi sakanatha n'kumeza komwe, n'kukhala pa mpando wa pakhomo mphindi makumi awiri, akupuma ndi pakamwa chifukwa cha fungo la m'chipindamo, maso ali pa foni — ntchito, ankati, makasitomala sadikira — ndipo mwanayo ankamuperekeza mpaka pa geti n'kumuthokoza. Kumuthokoza! Zikomo malume pobwera. Tsiku lina anamupeza akuwerenga buku la sayansi atalitsamiritsa pa miyendo ya agogo akewo, dzanja limodzi likuwasisita phazi, ndipo iye anati ukadzafuna thandizo lililonse undiuze, n'kutuluka ali wopepukidwa ngati wachitapo kanthu.

Sanadziwe kuti manja ake ayamba liti. Anangoona kuti watsegula fayilo ya mayina, watsika mpaka pa sate wani, wapanga mzere watsopano, ndipo zilembo zikubwera chimodzichimodzi, dzina loyamba, lachiwiri lija la agogo ake, la bambo ake. Linakwanira bwinobwino. Linaoneka ngati linali pamenepo chiyambire, silinasiyane ndi anzake ngakhale pang'ono, ndipo kwa kanthawi chifuwa chake chinamasuka, anaona achemwali ake akudumpha pa makina, ulusi ukugubuduzika pansi, alamu ake akumugwira chanza ndi manja awiri. Kenako anaona Lolemba la mwezi wa mawa: mwanayo ali pa mzere ndi sutikesi yake, mayi wa pa kauntala akuyendetsa cholembera pa pepala lenileni, lodindidwa, kutsika, kukwera, kutsikanso, monga anachitira iye m'mawa, anthu kumbuyo akuyamba kung'ung'udza. Ndiye kuti wamuthandiza? Ndipo ngakhale pamenepo — apa m'pamene anadzida — ngakhale pamenepo chimene chinamuimitsa sichinali nkhope ya mwanayo pa kauntala, chinali chakuti a mlembi akanawerenga n'kupeza sikisite wani, n'kudziwa desiki imene papita dzinalo. Anagwira batani lofufutira. Zilembo zinabwerera m'mbuyo chimodzichimodzi mpaka sate wani ndi sate thu anagundananso.

Anayang'ana kwa Chipewa. Msana wokhawokha ndi chipewa.

Inali itadutsa fili koloko pamene anachiona, ndipo sanachipeze chifukwa cha nzeru, anangotsetsereka ndi mausi mpaka pansi penipeni pa tsamba chifukwa chosowa kwina koyang'ana. Fayilo ya malamulo inaitanidwa kawiri. Kamodzi pansi, pamene inkakhala nthawi zonse. Kachiwiri chapakati, pansi pa mndandanda, pamene iye mwini anamata m'mawa uno — anakumbukira tsopano, anakumbukira bwinobwino — atangomaliza kuwerenga mayina kachitatu, anakopa chigawo chonse kuchokera ku kope la dzulo osayang'ana kuti chatenga chiyani. Ndiye batani linkamva lamulo kawiri: tembenuza, tembenuzanso. Onetsa, bisa. Linkachita ndendende zimene analiuza. Maola awiri akutukwana makina, akumangira mnzake mlandu mumtima, pamene wolakwa anali atakhala pa mpando wake womwe, atavala malaya ake. Anafufuta mzerewo. Anadina. Mayina anatsika n'kuima, phee, onse makumi asanu ndi limodzi, ndipo sanamve chimwemwe chilichonse. Anazindikira kuti nthawi yonseyi mbali ina ya mtima wake inkapemphera kuti lisakonzeke.

Mpando wa Chipewa unalira. Anabwera n'kuima pambali, osati kumbuyo ngati abwana, atagwira kafoni kake kakale kosweka galasi kamene ankayesera masamba, ndipo analankhula motsitsa ngakhale munalibe wina mu ofesimo. Anati pepani akulu, sikuti akulowerera, koma mlamu wa Chipewayo wamutumizira uthenga kufunsa ngati n'zoona kuti mayina a anamwino atuluka, ndiye anati ayese yekha, atazimitsa intaneti ya mu ofesi n'kugwiritsa ntchito ya pa foni.

"Taonani."

Tsamba linayamba kutseguka mwaulesi, monga zimakhalira netiweki ikakhala yofooka: mutu, kenako malo a chithunzi opanda chithunzi, kenako — mayina. Onse, poyera, nambala wani kutsika. Sekondi imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, Chipewa n'kuyendetsa chala, mayina n'kuyenda. Zisanu, zisanu ndi imodzi. Kenako laibulale inafika, lamulo lobisa n'kugwira, zii. Pa kompyuta yake, ndi intaneti yothamanga ya mu ofesi, zonsezi zinkachitika diso lisanaphethire. Koma ana amene ankadikira mayinawa analibe intaneti ya mu ofesi. Anali ndi mafoni ngati kameneka, m'makomo mwawo, m'maminibasi, ndipo kuyambira naini koloko m'mawa aliyense wotsegula tsambalo ankapatsidwa masekondi asanu ndi limodzi, akatsegulanso ena asanu ndi limodzi, kuchuluka kwake mmene angafunire.

Anadikira kuti Chipewa anene kuti ndinanena. Akananena, bwenzi zili bwino, bwenzi ali ndi wina womukwiyira. Koma anangoti achotse mayinawo pa seva pompano, otsalawo adzaone folo, ndipo za a mlembi adzaona poyankha zikafika. Mwina sizinafalikire kwambiri. Iye anachita zimenezo ngati wotumidwa, mphindi imodzi yokha, ntchito imene akanaichita m'mawa akanakhala munthu womva. Mwina sizinafalikire. Zinthu zoterezi zimalephera kufalikira? Pofika pano chithunzi chake chinali m'magulu angati, ndipo abwana, ndi mluzu wawo uja, adzaima pati pomuuza kuti kasitomala wapita — koma maganizo amenewa, ngakhale anali oopsa, ankangoyandama pamwamba, pansi pake panali china chimene chinkakwera pang'onopang'ono, ndipo anachizindikira atatembenuza foni yake. Achemwali: kasanu ndi kawiri. Mphwake: palibe. Mwana amene sabata yonseyi ankamutumizira uthenga m'mawa uliwonse, mwadzuka bwanji malume, kwatsala masiku anayi, kwatsala atatu, dzulo n'kuikapo timanja topemphera — lero, tsiku lenilenilo, sanalembe ngakhale kadontho. Ndipo iye, tsiku lonse, anali kuthokoza mumtima kuti mwanayo sakumuvutitsa.

Anapita pa windo, pamene netiweki inkagwira bwino, n'kuimba. Inaitana nthawi yaitali. Pansi anyamata a m'sitolo ankakweza zitini za penti mu lole, wina akuponya wina akuwakha.

"Malume."

Mawu ake anali osalala, otsukidwa, ngati a munthu amene analira kalekale n'kusamba kumaso. Iye anayamba kunena zoti amafuna kumva ngati ali bwino, zoti nthawi yatsala pang'ono, ndipo anadzimva yekha mmene mawuwo ankazungulira ngati galu wofuna pogona.

"Ndinaona m'mawa, malume. Ndinatsegula kanayi kuti nditsimikize."

Anatsamira chipumi pa galasi. Linali lotentha ndi dzuwa. Anafuna kunena kuti pepa, koma pepa wa chiyani — wa dzina losowalo, limene silinali m'manja mwake, kapena wa Lamlungu lija, kapena wa masekondi asanu ndi limodzi amene anamusiya nawo yekha kuyambira m'mawa, pamene malume ake ankalimbana ndi batani? Anangofunsa ngati amayi ake akudziwa.

"Ayi. Ndinalephera. Iwo akuti inu simukuyankha dala, mukufuna kuwadzidzimutsa." Anapuma. "Anyamuka kalekale. Akuti akufuna adzaonere pa kompyuta yanu."

Foni itaduka anakhalabe ataigwira kukhutu. Kumbuyo kwake Chipewa ananena motsitsa kuti kwatsala mphindi khumi ndi ziwiri, akonzeke kubwezera mayina, ndipo telefoni ya mu kachipinda ka abwana inayamba kulira, kulira, popanda woyankha. Iye sanatembenuke. Kutsidya kwa msewu minibasi inali itaima, ndipo pakati pa anthu otsika anawaona achemwali ake — diresi ya buluu imene ankavala popita kokaonana ndi anthu olemekezeka, mpango womanga bwino, tepi yoyezera ikadali m'khosi poti anaiwala kuivula. Anaima m'mphepete kudikira magalimoto adutse, atakumbatira jumbo pachifuwa ndi manja awiri ngati muli khanda, ndipo pulasitikiyo inali yopyapyala moti ngakhale kuchokera pamwamba pano ankatha kuona zimene zinali m'katimo: nsapato zoyera za anamwino, zafulati, zatsopano, zomangidwa pamodzi ndi kachingwe. Kenako anakweza mutu kufunafuna windo lake, analipeza, ndipo nkhope yonse inatseguka. Anamasula dzanja limodzi n'kuyamba kumubayibitsa, ndipo iye anaona dzanja lake lomwe, m'chithunzithunzi cha pa galasi, litakwera kale mpaka paphewa.